Madzi Akakhwima

Ku Dedza kulibe nyanja yamchere,
ndiye ndinachita kuisungunula ndekha:
thumba la mchere lobwera pa basi ya ku Joni,
madzi osefa, ndi thanki yagalasi
imene Mwandida wa nyumba yoyandikana nafe
amati ndi kanema wakufa.

Ndinayala mchenga pansi,
ndinasanja miyala yobowokabowoka ngati chulu chogumuka,
ndinayatsa pampu. Basi.
"Nsomba zili kuti?"
Kulibe.
"Nanga maluwa aja a pafoni yanu?"
Si maluwa, mwana iwe, ndi makorali, ndi nyama zimene zija,
ndipo sanabwere.

Masana ndimayeza magazi a anthu ku labu,
usiku ndimayeza madzi anga:
madontho m'kabotolo, kukhutchumula, kudikira.
Sabata yoyamba kabotolo kanabiriwira. Amoniya.
Yachiwiri kenako kanachita pepo,
ndinadziwa kuti tizilombo tosaoneka
tayamba kumanga m'ming'alu ya miyala,
tikudya poizoni, tikusiyira tinzake makoko.

Yachitatu mtima unandithamangira.
Ndinaimbira Ganizani ku Nacala:
"Mlongo wanga, dula kanthambi m'thanki yakoyo."
Kanabwera m'fulasiki ya tiyi,
pampando wa thiraki ya a Thombozi,
kotalika ngati chala changa chaching'ono,
kobiriwira ngati diso la mphaka.
Masiku anayi okha.
Lachisanu lake kanali katayera ngati choko.
Kali pawindo pano, pambali pa makiyi,
sindinakataye.

Juni anafika ndi nkhungu yake yotsika m'phiri,
yonunkha paini wonyowa.
Magetsi akathima pakati pa usiku
ndinkavundukula bulangete langa n'kufunditsa galasi,
ndinkawiritsa madzi pambaula,
kuthira m'mabotolo, kuyandamitsa pamwamba,
kenako kuvundula nyanja yanga ndi kapu
mpaka mkono kuchita dzanzi.
Amayi pafoni anati: ena akulera ana,
iwe ukulera madzi.
Sindinawatsutse.

Ndere zinabwera. Zoyamba zinali ngati dzimbiri,
zinaphimba mchenga, galasi, pampu yomwe.
Zitatha izo, zobiriwira, zaubweya.
Anthu obwera kudzacheza ankayang'ana kumbali
monga achitira ndi bala la mnzawo.
Ndinaikamo nkhono zitatu,
zinalima galasi mizere yokhotakhota,
zosafulumira, zosafunsa tsiku.

Ndinasiya kuwerenga masabata.
Ndinagula kope la ana asukulu
n'kumalemba mchere, kutentha, mtundu wa kabotolo.
Tsamba loyamba manambala ankadumpha ngati ziwala.
Tsamba lachisanu anakhala pansi.
Amoniya: palibe. Mawa lake: palibe.
Masiku khumi ndi anayi ofanana
mpaka kope linayamba kutopetsa,
ndipo kutopetsako ndi kumene ndinkafuna.

Usiku wina magetsi atathimanso
Mwandida anabwera ndi tochi kudzapempha machesi.
Anaunika galasi, anakuwa:
"Anti, thanki yanu yagwa nsabwe!"
Ndinagwada. Tinthu toyera, tochepa kuposa njere ya bonongwe,
tikuthamanga pagalasi, mazanamazana,
tobadwira momwemo popanda wotiitana.
Ndipo pamwala wakumanzere,
pamene dzulo ndinkangoona imvi,
kadontho kapepo, kolimba,
kokana kuchoka ndi chikhadabo.

Tinakhala chete awirife, maondo pasimenti yozizira.
Machesi aja tinawaiwala.

Ganizani waimba m'mawa uno.
A Thombozi anyamuka Lachinayi,
adzadutsa pachipata Loweruka dzuwa lisanalowe.
"Nditumize?"
Ndinayang'ana kope, ndinayang'ana kachoko ka pawindo.
Tumiza kamodzi kokha, ndinatero,
kofewa kaja, kosanyada, kopirira zolakwa za munthu.
Anthambi aja adikire chaka.
Ndipo lisakhale Lachinayi lino.
Linalo.

Mwandida wamva zonse ali pakhomo, nsapato m'manja.
"Ndiye mpaka liti?"
Ndamupatsa kabotolo:
bwera, uwerenge madontho ndiwe.