Nkhoswe ya Zitsulo

Ofesi yathu ndi kontena yopaka utoto woyera,
koma pano pa Moatize choyera sichikhalitsa.
Fumbi la malasha limalowera pabowo la kiyi,
limagona pakati pa mabatani a kompyuta,
ndipo ndikamina madzulo kansalu kamada bii.

Ntchito yanga ilibe dzina kwathu ku Ulongwe.
Amayi akafunsa ndimangoti ndine nkhoswe.
Kumanzere kwa galasi kuli makina, aliwonse ndi nambala yake.
Kumanja kuli kaundula wa zipangizo:
mabawuti, maberingi, malamba, timphira totseka madzi,
mizere yoti tsiku lingathe usanafike pansi pake.
Ndimagwira uyu, ndimagwira uyo,
ndimati inu awiri lero ndinu banja,
kenako ndimadina.

Lachiwiri ndinafika pa pampu 214.
Chojambula chinati shafiti yake
ndi mamilimita makumi asanu.
Pulogalamu inandipezera mkwati mosavuta,
kabokosi kanasanduka kobiriwira,
ndinamwa madzi ofunda a m'botolo
n'kudumphira pa 215.

Cha m'ma folo bambo Kachingwe anagogoda pazenera.
Salowa muno, amati mphepo ya makina imawapatsa chimfine.
Anati, Jeronima, pampu waikwatitsayo inafa kalekale,
chaka chomwe Revubwe anadya mlatho waung'ono uja.
Imene ili apoyo tinakaizula ku dziwe lakale,
usiku, mvula ili pamsana.
Inangolowa dzina la malemu.
Analemba ndani? Tonse tinali otopa.

Ndinavala chipewa cholimba n'kuwatsata.
Dzuwa la kuno silipsa, limaluma.
Anatsegula chivundikiro, anapana chitsulocho ndi choyezera chawo
chomwe manambala ake anafufutika ndi chala chachikulu,
nandionetsa osayankhula.
Makumi asanu, mphambu zisanu.

Zisanu zokha.
Njere ya nyemba ndi yaikulu.
Koma beringi ikanakwera sitima kutsidya la nyanja,
n'kugona padoko la Beira milungu isanu ndi umodzi,
n'kufika pano itakulungidwa bwino m'pepala la mafuta,
n'kukana kulowa.
Lamba akanaima,
anyamata a ganyu akanauzidwa kuti bwerani Lolemba.

Ndili chiimire pomwepo ndinakumbukira atate.
Anakumba pansi pa nthaka yomweyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
kapitawo atawalemba kuti Tchale.
Kalata ya ubatizo inati Chale.
Atawoloka Zambezi kukafunsa za penshoni,
kalaliki anaika mapepala awiriwo pambalipambali
nati, awa ndi anthu awiri.
Anawoloka kasanu ndi kawiri, jekete yomweyo,
mpaka chifuwa chinawatenga
asanapeze wowachotsera chilembo chimodzi.

Nditabwerera mu kontena ndinasudzula banja lija.
Kompyuta inafunsa, mukutsimikiza?
Siifunsa choncho pokwatitsa.
Ndinafufuza mkwati wina, wa bowo lokulirapo,
ndinamupeza pansi penipeni, palibe anamuitanitsapo chiyambire.

Pali kadanga kolembamo ndemanga komwe ambiri timangokadumpha.
Ndinalemba tsiku, ndinalemba muyeso,
ndipo pofika pa dzina la woyeza ndinaima,
n'kutsegula zenera.
Bambo, Sozinyo wanuyu mumalemba bwanji?
Anaseka, anapukuta chala pa ovololo,
nalemba pa fumbi la galasi pang'onopang'ono:
Sozinho.
Anati mchirawo ndi wa Apwitikizi, usauiwale,
kubanki amandibweza nawo.
Ndinakopera chilembo ndi chilembo,
ndikuwerenga chobwerera mmbuyo popeza ndinali mkati.

Kwatsala makina zikwi zitatu ndi kanthu.
Abwana amafuna makumi asanu ndi atatu patsiku,
tsikulo ndinakwanitsa khumi ndi anayi,
ndipo Lachisanu ndikayankha.

Pampu 215 ikudikira ndi kabokosi kake kobiriwira.
Chipewa sindinachikoleke pa msomali,
chili pano patebulo, pafupi ndi botolo.