Chakhumi ndi Chiwiri

A Bohuslav, amuna anga, anatumikira ng'anjo za ku Ostrava
zaka makumi atatu ndi zinayi.
Chitsulo chinkawadutsa pamaso chili psuu,
mitanda yotalika kuposa tchalitchi chathu.
Lero ali ndi kamakina kosemera zitsulo
kamene anakanyamula okha pachifuwa
kuchokera kwa mayi wamasiye wa ku Poruba,
ndipo chimene akusema
chingabisale m'chikhatho cha mdzukulu.

Adokotala atawaonetsa chithunzi cha mapapo
sanayankhe. Anangopinda chipewa.
Pobwerera, m'sitima ya mumsewu, anati:
"Jarmila, ndudu za nthunzi za m'sitolo zimadontha.
Kamutu kake ndipanga ndekha."

Ndimawamva kupyola simenti ya kukhitchini.
Kamakina kakamang'ung'udza mofatsa, zili bwino.
Kakalira tswii, ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko,
ndimatereka madzi a tiyi,
chifukwa akukwera masitepe, nkhope ili ndwii.

Akuti chitsulo chosachita dzimbiri n'chamwano.
Ukachinyengerera, mpeni n'kumangochisisita,
chimatentha, chimaumitsa khungu,
kenako sichimvanso za munthu.
Umalowa ndi mtima umodzi,
pang'onopang'ono koma osabweza dzanja,
dontho la oyilo, dontho linanso.
Ndinawauza kuti zimenezo ndinaziphunzira kale,
chaka chimene ndinakwatiwa nawo.
Sanaseke.
Anaseka mawa lake ali okha, ndinawamva.

M'botolo la jamu muli zolephera khumi ndi chimodzi.
Choyamba bowo linapita kumbali ngati diso latsinzina.
M'chachinayi munathyokera choboolera,
chikadali momwemo ngati munga m'chidendene.
Chachisanu ndi chiwiri mazinga anakana kupatsana moni.
Chachisanu ndi chinayi chinali bwinobwino
mpaka anafuna kuchotsako kenanso,
kochepa ngati tsitsi limodzi.
Chitsulo ukachisenga sichimeranso.

Nyenyeswa zake zopotanapotana, zobiriwira ndi moto,
ndazipeza m'masokosi, m'chipeso, pansi pa pilo.
Imodzi inandicheka chala ndikuchapa.
Ndinaiika m'mbale yawo pambali pa buledi.
Anaitola, anaiyang'ana pa nyale, n'kunena kuti
imeneyi inatuluka bwino, yayitali, yosaduka.

Usiku wina mu Febuluwale, chisanu chitamata mawindo,
anandiitana pansipo. Samandiitana.
Anandipatsa tizitsulo tiwiri, tikadali tofunda.
"Tseka."
Ndinapotokola, ndipo tinalowana mwakachetechete,
osagwedera, osakakamira,
mpaka mzere wapakati unasowa.
Ndinaufufuza ndi chikhadabo, osaupeza.

Kenako anakulunga kawaya kasanu ndi kamodzi pa kamsomali,
manja omwe aja amene amataya supu pa malaya,
koma apa osanjenjemera.
Anathimitsa nyale. Anadina batire.
Kawayako kanafiira kuyambira pakati, kufalikira m'mbali,
ndipo ndinaona nkhope ya mnyamata uja
amene ankatuluka pageti la fakitale m'mamawa,
nsidze zitawauka.
Ng'anjo yotsiriza ya moyo wawo,
yaing'ono ngati njere ya mpunga.

Analowetsa thonje, anadonthezera madzi onunkhira maula,
anakoka. Anatsokomola. Anakokanso.
Chipinda chonse chinasanduka chifunga,
ine n'kumaseka, misozi osadziwa ngati ndi ya chifungacho.

Kaya mapapo akuthokoza, sindidziwa.
Adokotala amangokweza mapewa,
amati akanakonda mpweya wosasakaniza kanthu.
Chimene ndikudziwa ndi paketi ya fodya ili pawindo.
Munatsala ndudu zisanu ndi ziwiri mu Novembala.
Ndimawerenga Loweruka lililonse popukuta fumbi.
Zikadali zisanu ndi ziwiri.

M'mawa uno ndamva sowo ikudula chitsulo chatsopano.
"Chija chili bwino," akutero osandiyang'ana,
"koma mpweya ukulowa mopyola pang'ono."
Botolo la jamu lija lili ndi malo.
Ndatereka madzi.