Matapeti

Inabwera ikugogoda, pikapu ya a Chikhwaza,
yoyera kale, lero ya mtundu wa phulusa,
kuchokera ku Khombedza mpaka pano pa Kaphatenga
ikungoti kha kha kha kha
ngati mmisiri wa zidebe akukhoma msoko.

Anatsika mwapang'onopang'ono, bondo ili kenako linzake.
"Mwanawe, akuti injini yatha.
Usandinamize. Ndikaigulitse kwa azitsulo?"

Sindinayankhe. Ndinatsegula boneti,
nsonga ya sikuludilaiva pa chivundikiro,
chogwirira chake ku khutu langa.
Pansi palibe mlandu, mtima ukugunda bwino.
Phokoso lili pamwamba:
matapeti awiri akulira ludzu.

Ndinasolola ndodo ya oyilo. Bii, phula weniweni.
"Munasintha liti, bambo?"
Anayang'ana m'mwamba mwa mtengo wa m'bawa
ngati tsikulo analipachika mmenemo.
"Chaka chija madzi anakokolola mlatho.
Ndimangoonjezera wa m'mabotolo, wa pamsewu."

Twaibu, bweretsa sipanala ya teni,
beseni lija, ndi palafini wa faifi handiredi.

Tinawazula onse asanu ndi atatu
n'kuwandandalika pa katoni,
aliyense ndi nambala yake ya makala,
pakuti tapeti ali ndi kwawo:
ukam'bwezera m'dzenje la mnzake
amadya nyumba ya eni.

Kachitsulo kochepa ngati chala chachikulu,
koma m'mimba mwake muli kachipinda,
kasipuling'i, ndi kampira konga njere ya mapira.
Kabowo kake komwera, n'kosaposa diso la singano,
kanali katatsekeka ndi zaka.
Ndinakatokosa ndi waya wa buleki ya njinga.
Palafini anada. Tinataya. Anadanso.

Kenako m'chitini cha oyilo watsopano
ndinawamiza mmodzimmodzi,
kudina, kusiya, kudina, kusiya,
mpweya ukutuluka timathovu
mpaka aliyense atalimba pansi pa chala.
Mmodzi yekha anakana,
anangoti fwa, ngati papaya lakupsa kwambiri.
Ameneyo ndiye wafa basi.

Twaibu anakwera kabaza kupita ku boma
kukafukula m'mafupa a galimoto zinzake.
A Chikhwaza anakhala pa tayala lakutha
akudzikupiza ndi chipewa,
dzuwa la Salima likuwotcha masipanala
mpaka osagwirika.

Titamanga zonse, sefa yatsopano, gasiketi yatsopano,
ndinati, "Lizani."
Kha kha kha kha.
Anandiyang'ana ngati ndawabera mbuzi.
"Dikirani, bambo, akumwa."
Kha kha. Kha.
Ndinawerenga malole a thonje odutsa. Atatu. Anayi.
Kha.

Kenako zii.
Injini ikungong'ung'udza ngati mphaka wokhuta.

Ndinapukuta manja kudikira kuyamikidwa.
Iwo anatchera khutu nthawi yaitali,
dzanja lili pa chiwongolero,
nkhope yosasekerera.

"Mayi a kunyumba, a Nangozo,
maso anawathawa zaka zinayi zapitazo.
Ndikangokhota pa chigayo amamva kugogodaku,
amatuluka n'kuima pakhonde,
kuti ndiwapeze ataimirira.
Lero adziwa bwanji kuti ndine?"

Twaibu anaweramira beseni.
Ine ndinalibe sipanala ya funso limenelo.

Analipira, ndalama zopindapinda za m'thumba la malaya.
Ndisanataye tapeti wakufa uja pamulu
anatambasula dzanja, ndinawapatsa.
Anamuponya m'chitini chopanda kanthu
n'kuchiika pansi, pafupi ndi giya.

Pikapu inalowa mumsewu wa ku Khombedza.
Injini phee, ntchito yanga yabwino.
Koma itagunda bampu yoyamba ndinamva,
pang'ono chabe, kudzera pa windo lotsegula,
kho, kho, kho,
mkulu uja akupita kwawo
atanyamula dzina lake m'chitini.