Kope la Msungichuma pa Mtayamoyo

Wailesi ya Zuze imagwira ukaiimika pa ngolo,
mlongoti wake ndi sipoko ya njinga.
Lero yati akuluakulu a Afirika yense
akhala pansi ku Adisi Ababa,
awerengera ndalama za chaka chamawa,
ndipo m'manja mwaombedwa.
Ine m'manja mwanga muli matuza a nkhafi.
Sindinaombe.

Ndine msungichuma wa opalasa mabwato pano pa doko.
Tilipo makumi awiri ndi atatu.
Chuma chathu chimagona m'chitini cha mkaka wa ana,
kope limagona m'jumbo, kuopa madzi.
Tinapangana pansi pa msangu uwo:
aliyense faifi handiredi Loweruka lililonse,
ya phula lomatira mabwato, ya maliro, ya tsiku loipa.
Tonse tinakweza mkono.
Khembo anakweza iwiri.

Tsegulani kopelo muone.
Khembo: miyezi isanu ndi iwiri, mbee.
Alufandika anasonkha kawiri, nabwereka katatu.
Fatchi amati akagulitsa thonje,
thonje lomwe mbozi zinamaliza kalekale,
koma pa msonkhano woyamba kuyankhula ndi iyeyo,
wotseka ndi pemphero ndi iyeyo.

Ndiye wailesi ikamati mayiko ena sanasonkhe,
ikamati popereweravo athirapo abwenzi akunja,
ndimaseka ndekha ngati wozungulira mutu.
Ndikuwadziwa anthu amenewo.
Ndikudziwa momwe amayang'anira kudenga
mlembi akafika pa dzina lawo.

Nafenso tinali naye bwenzi.
Anabwera pa galimoto yoyera
ndi majekete khumi oyandamira
ndi chikwangwani chotalika kuposa bwato langa.
Anatiuza oti tinyamule, anatiuza nthawi yoweruka,
anati lipoti mwezi ndi mwezi, m'Chingerezi.
Tinavomera. Wobwereka mchere satsutsa mwini dengu.
Chaka chitatha fumbi la galimoto silinaonekenso.
Chikwangwani chija ndi chitseko cha khola la Fatchi.

Koma funso langa nali, inu a ku Adisi:
m'mabuku anu onenepawo
ulimo mzere wa Ruo akakwiya usiku?
Wa njanji yolendewera m'malere
ngati nthiti za ng'ombe yofera m'matope?
Wa Nsayi wa ku Makhanga
amene anachirira m'bwato langa pakati pa madzi,
mvuu zikufwenthera,
ine ndikupalasa nkhope nditatembenuza?
Mwanayo pano amathamanga. Anamutcha Nkhafi.

Akuti mukukonza chiphaso chimodzi cha Afirika yense.
Bwerani muone mlamu wanga:
amalima tsidya la Mozambiki, amagona kuno,
amaika maliro uku ndi uko,
ndipo womufunsa mapepala pa mtsinje
ndi ng'ona yokha.

Sindikukunyozani ayi.
Ndikudziwa kulemera kwa kope.
Ndikudziwa kung'amba ndalama yosakwana
pakati pa phula ndi bokosi la maliro,
bwato likuchucha, wamasiye akudikira pakhomo.
Ndikudziwa kutchedwa wakuba
ndi munthu amene sanasonkhe.

Mwina uko aliko wina wonga ine,
wa tayi, m'chipinda chozizira ngati mtsuko,
anzake onse atapita kukajambulitsa.
Akutsika ndi chala mayina makumi asanu ndi asanu,
kuchonga apa, kudumpha apo, kudumphanso,
cholembera atachiluma.
Mnzanga iwe, ukadzatopa
udzabwere, ndidzakuolotsa ulere.
Koma usadzauze Khembo.

Batire la Zuze latha mawu ali m'kamwa,
pomwe amati atchule gawo la ulimi.
Dzuwa likuswa mtengo,
mchenga ukuotcha ngakhale mthunzi.
Tsidya lija mayi wa thumba la mapira akukodola,
njinga ziwiri ndi mbuzi zikudikira.
Ndabweza kope m'jumbo,
ndakapa madzi m'bwato ndi chigubu chodula.

Loweruka ndi mawa.
Khembo wandilonjeza.