Kogona Pantchito

Miyezi isanu ndinakalemba, kapulogalamu kangako,
m'kachipinda ka ku Kapata, kuseri kwa chigayo.
Ntchito yake inali imodzi basi:
eyiti koloko usiku kalire,
amayi Tikambenji ogulitsa nshawa
amwe piritsi lawo la kuthamanga kwa magazi.

Patebulo panga sikanaphonyepo.
Foni ili pachaja, yokhuta,
kankalira mpaka agalu a aneba kuyankha.

Koma m'chitenje mwawo ndi dziko lina.
Magetsi anapita mbandakucha,
batire latsala chala chimodzi chofiira,
ndipo foni imasanduka wanjinga
pachitunda cha ku Kanjala, thukuta kamukamu:
katundu wosalankhula
ndiye woyamba kutsitsidwa.

Amene sakuoneka pagalasi, agone.
Lamulo lake ndi lomwelo.
Silifunsa kuti wanyamula chiyani,
kaya ndi masewera a mpira, kaya ndi mtima wa munthu.

Ndinayesa kunyengerera.
Ndinati kadzidzuka kamodzi pa ola, mwakachetechete.
Foni inati dikira, ndidzakudzutsa pamodzi ndi anzako
ndikadzafuna ine.
Lachitatu kanalira leveni koloko,
amayi ali m'tulo, piritsi lili pawindo.

Ndiye ndinaika uthenga waulemu:
Lolani kapulogalamu aka kadye batire momasuka.
Iwo anadina Ayi.
Kutchajitsa kwa Mlauzi wometa tsitsi ndi makwacha atatu,
ndipo mwana wawo wa ku Lumezi amaimba Loweruka lokha.
Akapeza foni yozima, adzaimbanso liti?

Ndinafuna kukwiya, koma ndikwiyire yani?
Foni ikusunga mpweya wake
monga amachitira aliyense mumzinda uno
mwezi ukafika pakati.

Dzulo ndinawapeza pamsika akupeta nshawa.
Anati, mwanawe, kanthu kako kaja n'kaulemu zedi,
sikandisokosa n'komwe.
Anaseka, nandithirira m'thumba zodzaza manja awiri.

Tsopano eyiti ikamayandikira
ndimasiya khodi ili pakati,
ndimatuluka panja pomwe netiweki imagwira,
pafupi ndi mulu wa gaga,
n'kuwaimbira ndekha.
Kawiri kokha, ndidule. Amadziwa.

Usiku uno yanga ili pa naini peresenti.
Yadetsa kale galasi,
yandifunsa ngati ndikufuna kuti igoneke zonse zakumbuyo.
Chala changa chaima m'malere.
Kwatsala mphindi makumi anayi.