Buku Loyambira Kumbuyo

Linabwera m'belo la kaunjika,
m'thumba la jekete laubweya
lomwe palibe akanaligula kuno ku Mangochi,
komwe ndi mbuzi zomwe zimasaka mthunzi isanakwane naini.
Amayi anati ndikolezere mbaula.
Ine ndinalibisa m'kamisolo.

Zilembo zake zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope,
zina ngati timipando togwa chagada.
Aphunzitsi analitembenuza kawiri, nati,
Cha ku Japani ichi, anachisindikiza chozondoka.
Asiyatu anaseka mpaka mpango kutsetsereka:
Chozondoka chiyani?
Ku madrasa timayambira konkuno,
kumanja kupita kumanzere.
Ananyowetsa chala, natitsegulira.

Kuseri kwa chigayo cha a Twaibu tinalipo atatu,
wachinayi Ajasi, wonamizira kupopa njinga
khosi atalisolola ngati kakowa.

Munali mtsikana wa maso ngati zivundikiro za mapoto,
wochedwa kusukulu ngati ife,
wolephera masamu ngati ine.
Chilombo chikatulukira pamwamba pa sitolo
ankakweza kandodo ka nyenyezi kunsonga
nkuzungulira, nkuzungulira, masamba awiri athunthu,
yunifolomu nkusanduka maliboni,
nsapato kumera mapiko.

Mawu tinkaikamo tokha.
Iye ankayankhula Chiyao akakwiya,
Chichewa akamalira.
Chilombo tinachipatsa mawu a bambo wodula matikiti mumsika.

Azakhali atalipeza anati ndi ufiti,
mwana wamkazi kuuluka usiku, miyendo pamtunda!
Sanaone chomwe ife tinkaona:
timizere tiwiri pambali pa mawondo ake.
Ankanjenjemera.
Tsamba lililonse ankanjenjemera,
koma osathawa,
ndipo anzake ankafika, mochedwa, akupuma wefuwefu,
koma ankafika.

Kandodo kathu kanali sipoko ya njinga ya Ajasi,
nyenyezi tinadula pachitini cha majarini.
Inandicheka chala. Chipsera chilipo.

Masamba omaliza munalibe.
Wina kutsidya kwa nyanja zamchere anawang'amba,
kaya anakulungira chiyani.
Asiyatu anawajambula yekha
kumapeto kwa kope la sayansi, ndi bolopeni yofiira,
chilombo chitagwada, chikupempha madzi akumwa.

Tili Fomu Thuu kunabwera mwamuna wochokera ku Joni
ndi malata makumi atatu ndi foni yosang'aluka.
Asiyatu naye anasandulika tsiku limodzi,
yunifolomu kukhala zitenje,
popanda kuzungulira,
popanda kuwala.
Matola ya ku Namwera inamutenga.
Ife anzake sitinafike,
ngakhale mochedwa.

Lero ndimakhala m'kabokosi kotumizira ndalama
moyang'anana ndi chipilala cha wotchi.
Ana amasiku ano amaonera pafoni,
amadziwa mayina onse, amakangana kuti wamphamvu ndani,
bando ikatha amabwera kwa ine.
Wina anati, Anti, bweretsani bukulo,
foni yanga imasulira Chijapani.
Ndinakana.
Bwanji ikandiuza kuti mtsikana uja sankati
"Une nganguŵa jogopa,"
koma ankangofunsa nthawi?

Mwezi wathawu kabaza anaima pakhomo panga.
Anatsika mayi wonenepa, thukuta kamukamu,
ndi kamtsikana kovala yunifolomu yaikulu.
Ndikulipira mayeso, anatero, a ine mwini,
ndimalowa ya masana ku Mpondasi.
Ndinayang'ana dzina pachiphaso.
Ndinayang'ananso.
Posaina m'kaundula wanga sanalembe dzina,
anajambula kanyenyezi kopindika mwendo umodzi,
kenako anagwira chala changa chija osanena kanthu.
Mzere kumbuyo kwake unayamba kudandaula.

Kamtsikana kaja, potopa ndi kudikira,
kanakoka kaundula,
kanamutembenuza,
kananyowetsa chala
nkuyamba kutsegula chakumbuyo.