Mtsinje Wokwera Mtunda

Mpopi wa pakiyosiki umayamba ndi kutsokomola.
Folo koloko m'mamawa, Ndirande akadali mtulo,
ine ndagunditsa kale khutu pachitsulo chozizira
ngati namwino womvera pathupi:
abwera lero, kapena ayi?

Zigubu zafola mpaka kwa aMakwinja owotcherera mbaula.
China eni ake achisiya ndi mwala pamwamba,
chiwasungire malo.

Mwatitha wanga wa Sitandade seveni
akuti madzi ndimagulitsawa ndi a Shire.
Ndinamuseka. Ndi liti madzi anakwerapo mtunda?
Iye phee, n'kutsegula kope,
chala chake n'kuyamba ulendo:
apa atuluka m'nyanja ku Mangochi,
apa apumula mu Malombe,
apa Liwonde, mvuu zili mphuno zokha pamwamba,
kenako miyala, mathithi,
Nkula, Tedzani, Kapichira,
kumene amapukusa makina kuti babu lathu liyake.
Ndipo apa, amayi, kuseri kwa Chileka,
amawakankha m'mapaipi usiku wonse
mpaka afike kwa inu.

Ine Shire sindinamuonepo.
Ndinabadwira kuno, mtsinje ndimaudziwa ndi Nasolo,
wonyamula majumbo, matewera ndi thovu la sopo
kukapatsira Mudi,
Mudi wakuda bii ngati oilo wa m'galaja.
Nanga amenewo amathera kuti? ndinafunsa.
Chala chija chinatsetsereka n'kubwerera komwe kuja.

Ndiye kuti timabwereka oyera,
n'kubweza otere?

Sanayankhe. Anali atafika kale ku Chikwawa,
m'minda ya nzimbe, m'madambo a ku Nsanje,
wadumpha malire opanda chiphaso,
wagwera m'manja mwa wamkulu wake, Zambezi,
amene akuti wachokera kutali ku Zambia,
wapondako Angola, wagwa chigwere paphompho la utsi,
wamangidwa ku Kariba, wamangidwanso asanafike ku Tete,
koma kunyanja yamchere amakafikabe.
Tsamba la kope linathera pomwepo.
Nyanjayo anaijambula pathebulo ndi chala chonyowa.

Usiku womwewo magetsi anathima.
Pawailesi ya mabatire anati zinyalala zatseka makina kumtsinje.
Tonse m'mdima tinatukwana a magetsi,
ine mawu anga anali otsikirako,
ndikukumbuka ndowa ija ndinakhuthulira mu Nasolo Lachiwiri.

Tsopano chitsulo chayamba kunjenjemera.
Mpweya kaye, fyuu,
kenako dontho lofiirira,
kenako phwaa!
Amayi adzuka pamiyala, chitenje m'chiuno,
mkangano wa anafika poyamba ndani wabuka.
Ndalama zachitsulo zikundizizira m'manja.

Chigubu choyamba sindiwerengera munthu.
Ndimatapako pang'ono m'chikhatho,
kusukusula kumaso,
ndi kumuuza chamumtima mlendoyu:
mwayenda, mwakwera, mwatopa.
Pepani, kobwerera
mudzera njira yonyansa.